Poyambira mukangoikidwa pa laibulale ya koleji yaing'ono

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri chifukwa landikumbutsa kutali. Mwati angokuikani pa laibulale ya koleji yaing'ono ya unamwino, mabuku ena akadali m'makatoni, magazini a kafukufuku mulibe, ndipo mukufuna kudziwa kumene mungapeze thandizo pa intaneti. Ndikuuzani zimene ndinazigwira ndi manja anga, osati zongomva.

Sabata ino isathe musanafufuze ngati koleji yanu inalembetsa ku Research4Life, ndondomeko yopatsa masukulu a m'mayiko osauka mwayi wowerenga magazini a kafukufuku pa intaneti. Mmenemo muli magawo asanu, koma lanu kwenikweni ndi Hinari, limene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2002 kuti mayiko osauka aziwerenga magazini a zaumoyo amene ena amagula ndi ndalama zankhaninkhani. Malawi ali m'gulu la mayiko osalipira kanthu. Yolembetsa ndi sukulu, osati munthu payekha, ndiye yambani mwafunsa akuluakulu a pa koleji kapena amene analipo inu musanabwere. Kawirikawiri password imakhala ilipo kale, yangoiwalika m'kope la munthu wina. Zimandiwawa kwambiri kuona ophunzira akulemba za uchembere wabwino ndi buku la zaka makumi awiri zapitazo, pamene khomo lili chitsegukire. Anzathu a ku sukulu za ulimi, gawo lanu ndi AGORA.

Funsaninso ngati muli mu MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno umene unayamba mu 2003, wogulira pamodzi zowerenga za pa intaneti. Zofufuza za kuno kwathu muzipeza pa African Journals Online, ndipo Malawi Medical Journal ili pomwepo, yaulere. Aphunzitsi akadzabwera ndi kalata ya magazini yowalonjeza kusindikiza nkhani yawo m'masiku atatu akangolipira, kayang'aneni dzina lake pa DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa magazini aulere amene anaunikidwa, asanatumize ndalama. Kusapezeka pamenepo si umboni wokwanira woti ndi achinyengo, koma ndi chifukwa chabwino choimira kaye.

Tsopano za makatoniwo, pakuti mpamene ambiri amagwera mphwayi. Musalembe buku lililonse kuyambira pachiyambi. Ngati muli ndi kompyuta, pemphani wodziwa akuikireni Koha. Ndi pulogalamu yaulere yoyendetsera laibulale imene inayambira ku New Zealand mu 1999, ndipo dzinalo m'chiyankhulo cha Amaori limatanthauza mphatso. Mu Koha muli njira yotchedwa Z39.50. Mumatenga buku, kulitembenuza, kulemba nambala ya ISBN imene ili kuchikuto, ndipo kompyuta imakakufunsirani ku Library of Congress ya ku America kapena laibulale ina yaikulu. Rekodi yonse ya bukulo imabwera, chilichonse pa mzere wa nambala yake: wolemba pa 100, mutu pa 245, nambala ya Dewey (dongosolo losanjira mabuku pa mashelefu) pa 082. Inu mumangoyerekeza ndi buku lili m'manja mwanulo, makamaka chaka ndi kusindikiza kwake, kenako nkuwonjezera barcode yanu. Tsiku loyamba kuona zimenezi zikutheka ndinakhala chete kwa kanthawi, poganizira miyezi imene ndinataya ndikulemba pa makadi. Mabuku osindikizidwa kuno, malipoti a boma ndi zolemba za ophunzira nthawi zambiri simuzipeza kumeneko. Zimenezo lembani nokha mosamala, chifukwa palibe wina kunja amene adzatilembere.

Musanamate nambala pa buku ngakhale limodzi, sankhani dongosolo. Dewey ndi amene tinazolowera, koma pa mabuku a zachipatala ambiri amakonda NLM Classification ya laibulale yaikulu ya zachipatala ya ku America, imene ili yaulere pa intaneti, ndipo unamwino wonse uli pa WY. Kusintha maganizo mabuku chikwi atamatidwa kale ndi ntchito yolemetsa.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: muzisunga kope la ntchito yanu kwina. Pamalo ena pamene ndinkagwira ntchito magetsi anazima ndi kubwerera mwamphamvu, kompyuta osadzukanso. Ntchito ya miyezi itatu inapita madzulo amodzi, ndipo ndinalira ndithu. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndisanatseke chitseko ndimakopera zonse pa fulashi, fulashiyo nkupita nayo kunyumba. Ambirife tikukumbukira moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015.

Pa nkhani yodziwonjezera luso, lowani m'bungwe lathu la Malawi Library Association, ndipo muzitsatira AfLIA, bungwe la malaibulale a mu Africa limene likulu lake lili ku Accra. Amachititsa maphunziro a pa intaneti okamba za mavuto ofanana ndi athu, osati a malaibulale amene magetsi sazima.

Ndiuzeni kuti mabuku alipo angati, kompyuta ilipo kapena ayi, ndiponso ngati intaneti ndi ya koleji kapena mumagula bandulo yanu. Mukayankha ndikulemberani ndondomeko yoikira Z39.50, kuti Lolemba mukatsegule katoni yoyamba.