Woonda koma LDL yakwera: yang'anani kuchiwindi

Amayi amene mwafunsa kuti "ine ndine woonda, nyama ndimadya mwa apo ndi apo, nanga bwanji kuchipatala apeza LDL yanga ili pa 5.8 n'kundilembera atorvastatin?", pepani ndiyankha motalikirapo. LDL ndi ija anthu amaitcha kolesterolo yoipa, ndipo atorvastatin ndi mapiritsi oitsitsa. Chandikhudza ndi chimene mwatchula kumapeto, choti bambo anu anamwalira ndi mtima asanakwanitse zaka 50.

Kolesterolo si poizoni ayi. Selo lililonse limaifuna pakhungu lake, ndipo ndulu ndi mahomoni ena zimapangidwa kuchokera ku iyo. Yambiri thupi limapanga lokha, ya m'chakudya ndi yocheperapo. Vuto lake n'loti siisungunuka m'madzi, choncho singayende yokha m'magazi. Chiwindi chimaikulunga m'timipira ta mafuta ndi puloteni totchedwa lipoprotein. Kampira kamatuluka m'chiwindi kali VLDL, kodzaza mafuta. Minofu imapungula mafutawo m'njira, kampira n'kuchepa, ndipo kotsalako ndiko LDL, kolemera ndi kolesterolo. Kalikonse kamakhala ndi puloteni imodzi yokha yotchedwa ApoB-100.

Apa m'pamene pali nkhani yanu. Pamwamba pa maselo, makamaka a chiwindi, pali mapuloteni otchedwa ma receptor, ntchito yake kugwira ApoB-100 ija. Receptor ikagwira, khungu la selo limalowa mkati n'kupanga kathumba. M'kathumbamo muli asidi amene amalekanitsa ziwirizo: LDL imapita kukagayidwa, receptor n'kubwerera pamwamba kukagwira ina, ndipo kuzungulira konseku kumatenga mphindi pafupifupi 10. Taganizani atatseka theka la malo oimikapo maminibasi pa Kulima Tower ku Lusaka. Chiwerengero cha maminibasi sichinasinthe, koma angadzaze misewu ya m'tauni posowa potsitsira anthu. Ma receptor akachepa, LDL imazungulira m'magazi masiku ochuluka, ina imalowerera m'makoma a mitsempha, ndipo pakapita zaka mtsempha umachepa njira.

Amene anatulukira zimenezi ndi Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas, m'zaka za m'ma 1970, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1985. Ankafufuza matenda a kumtundu otchedwa familial hypercholesterolaemia. Wotengera jini yolakwika kwa kholo limodzi amakhala ndi theka la ma receptor ogwira ntchito, ndipo anthu otere ndi pafupifupi mmodzi mwa 250 alionse. Wotengera kwa makolo onse awiri mtima ungamugwire akadali mwana. Sindikuti inu muli nawo, zimenezo aweruze ndi dokotala amene wakuonani, koma munthu woonda, LDL yopitirira 5, bambo omwalira msanga, n'zofunika kuzifufuza bwino. Kufooka kwa chithokomiro nakonso kumachepetsa ma receptor, ndiye funsani ngati anayeza.

Atorvastatin sasesa mafuta m'magazi monga ena amanenera. Amatseka enzyme yotchedwa HMG-CoA reductase, imene chiwindi chimapangira kolesterolo. Selo likaona kuti kolesterolo yachepa mkati mwake, limapanga ma receptor ochuluka kuti likoke ya m'magazi. N'chifukwa chake mukasiya kumwa, LDL imabwerera pomwe inali. Pali puloteni ina, PCSK9, imene imawononga ma receptor, ndipo jakisoni woitsekereza alipo, kungoti mtengo wake ndi wosayamba kwa ambirife.

Za HDL, lipoprotein ina imene anthu amaitcha kolesterolo yabwino, ndinene mwachidule. Imatola kolesterolo yotsala m'maselo n'kuibwezera kuchiwindi kudzera pa receptor ina, SR-B1. Koma mankhwala amene anayesedwa ongokweza HDL sanachepetse matenda a mtima monga ankayembekezera, choncho musadzitonthoze nayo pamene LDL ili pamwamba.

Kodi chakudya chilibe ntchito? Chili nayo. Mafuta oundana a nyama, a michopo, soseji, batala ndi chikopa cha nkhuku amachepetsa ma receptor a chiwindi. Nyemba, therere, chibwabwa chotendera ndi nsomba zimathandiza. Koma ngati munabadwa ndi theka la ma receptor, ndiwo zamasamba zokha sizingafikitse LDL pofunika, ndipo amene akukuuzani kuti mutaye mapiritsi muzimwa madzi a mandimu ndi adyo sakukufunirani zabwino, ngakhale akunena ndi mtima woyera.

Mukabwerera kuchipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka kapena kukiliniki kwanuko, muwauze za bambo anu, komanso mankhwala onse amene mumamwa. Ma ARV ena, makamaka okhala ndi ritonavir, sagwirizana ndi simvastatin (mankhwala ena a gulu la atorvastatin), ndipo ndi atorvastatin mlingo umayenera kuchepetsedwa. Ngati muli ndi pakati kapena mukufuna mwana, nenaninso, poti nthawi imeneyo mankhwalawa kawirikawiri amaimitsidwa. Akatsimikiza kuti ndi matenda a kumtundu, mwana wanu aliyense angatengere kapena ayi, theka ndi theka, ndiye ana anu ndi abale anu a bere limodzi akayezetse magazi nawonso, ngakhale amene akuoneka athanzi.