Chinthu chomaliza chikakana kupezeka pa hidden object

Achimwene, pa masewera a hidden object (aja ofufuza zinthu zobisika pa chithunzi), mukasowa chinthu chomaliza pa mndandanda, lekani kudina paliponse mwachisawawa. Masewera ambiri amtunduwu amalanga zimenezo: kamuvi kamauma kwa masekondi angapo, kapena amakudulirani nthawi.

Yambani mwaona mtundu wa zilembo pa mndandandawo. Dzina likalembedwa ndi mtundu wosiyana ndi anzake, kawirikawiri chinthucho chimakhala m'kati mwa china. Muyenera kutsegula bokosi, kusuntha nsalu kapena kulumikiza zidutswa ziwiri kuti chioneke. Apa ndi pamene ambiri amakakamira. Komanso liwu limodzi la Chingerezi limatha kutanthauza zinthu ziwiri: "bat" atha kukhala mleme kapena ndodo yomenyera mpira.

Zikakanikabe, gawani sikirini m'zigawo zinayi n'kumafufuza chimodzichimodzi, makamaka m'mphepete ndi m'malo amdima, mutawonjezera kuwala. Batani la Hint (lokulozerani pomwe chinthu chabisika) mulisunge chifukwa limachedwa kudzazanso, ngakhale pa Casual (mulingo wosavuta wa masewerawa) limafulumirako.

Samalaninso maso. Pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chotalikira mamita 6 kwa masekondi 20. Ngati mutu ukupwetekabe kapena mukuona mwachimbuuzi, kaonaneni ndi dokotala wa maso.