Mawotchi osungunuka aja ndi a Salvador Dalí

Mwandilembera pa imelo kufunsa za chithunzi cha mawotchi ofewa, olendewera ngati nsalu yonyowa pa chingwe, chimene mumachiona pa malaya ndi pa zikuto za mafoni. Mukufuna kudziwa mwini wake, komanso ngati n'zoona kuti chikunena za sayansi ya Einstein yokhudza nthawi.

Anachijambula ndi Salvador Dalí wa ku Catalonia, m'dziko la Spain, mu 1931, asanakwanitse zaka 30. Dzina limene chimadziwika nalo ndi The Persistence of Memory. Ndi kachithunzi kakang'ono, masentimita 24 m'litali ndi 33 m'mbali basi. Dalí anali m'gulu la Surrealism limene André Breton anayambitsa ku Paris mu 1924, la anthu amene anatengeka ndi maphunziro a Sigmund Freud, katswiri wa za maganizo a munthu, n'kumati maloto nawonso ndi oyenera kuwajambula.

Za Einstein zija, mwini wake anakana. Anati maganizo a mawotchi ofewawo anamubwerera usiku wina atadya tchizi cha Camembert, chofewa kwambiri, ndipo anangoonjezera mawotchiwo pa malo amene anali atajambula kale.

Malo amenewo ndi amene ine ndimafuna muwayang'anitsitse. Matanthwe ali chapatali aja si ongopeka ayi, ndi gombe la Cap de Creus, pafupi ndi Port Lligat kumene iye ankakhala. Kuwala kwa dzuwa pa miyala, nthambi youma ya azitona, nyerere zimene zaunjikana pa wotchi yofiirira ija, ntchentche yotera pa ina, zonse anazijambula mwaluso lofatsa, osasiya kanthu. Diso likakhulupirira nyererezo, limakhulupiriranso chitsulo chosungunuka. Kwa ine mphamvu ya chithunzichi ili pamenepo, ndipo ndimamva chisoni chikasindikizidwa pa malaya atadulapo nyanja ndi matanthwe n'kusiya mawotchi okha.

Julien Levy, wogulitsa zithunzi, anachionetsa ku New York mu 1932, ndipo kuyambira 1934 chili ku Museum of Modern Art, nyumba yosungiramo zaluso ya mumzinda womwewo. Chinathandiza kutchukitsa Dalí ku America: mu 1936 nkhope yake inali pa chikuto cha magazini ya Time, ndipo Alfred Hitchcock anamuitana kuti akonze gawo la maloto mufilimu yake ya 1945. Pofika 1954, mtima wake uli pa sayansi ya atomu, Dalí anali atachijambulanso, malo omwe aja atamira m'madzi ndiponso atagawika m'timidadada. Chachiwirichi chili ku St. Petersburg, ku Florida.