Wofuna ntchito ya zachitukuko aphunzire chiyani? Mayankho a ku Ngabu ndi ku Bangula

Makalata awiri afika kuchokera ku Chigwa cha Shire, ndipo ndiwayankhira pamodzi chifukwa nkhani yake ndi imodzi.

Yoyamba walemba ndi mtsikana wa Fomu 4 ku Ngabu. Akuti chipitireni namondwe wa Ana ndi wa Freddy wakhala akuona anthu a mabungwe akubwera pa magalimoto oyera kudzalemba mayina ndi kugawa thandizo, ndiye naye akufuna ntchito ya zachitukuko, mwinanso tsiku lina ku World Bank. Akufunsa kuti aphunzire chiyani, ndipo sakubisa kuti masamu amamuvuta. Yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Bangula, mlimi wa thonje, yemwe mwana wake wamwamuna wasankhidwa kukaphunzira zachuma ku yunivesite. Bambowa sakukondwa. Akuti anthu a zachuma ndiwo adafooketsa ADMARC n'kugwetsa kwacha, komanso mwana wa mlongo wawo adachotsedwa ntchito ku bungwe lina mu 2025 thandizo la America litaima. Akufunsa ngati sikungakhale bwino kuti mnyamatayo akachite uphunzitsi kapena unamwino.

Bambo, ndiyambe ndi inu. Zomwe mukudandaulazi zili ndi pogwira. Mu 1981 Malawi adatenga ngongole yake yoyamba ya World Bank ya mtundu uja womwe umabwera ndi malamulo osinthira kayendetsedwe ka chuma: boma lichepetse ndalama zomwe limagwiritsa ntchito, lisiye kukhazikitsa mitengo, lilole amalonda apikisane. Mu 1987 mavenda adaloledwa kugula mbewu za alimi ang'onoang'ono ndipo ADMARC idayamba kutseka misika yomwe inkati sikupindulitsa. Poimva, mfundoyi inali yokoma, kuti ogula akachuluka mtengo umakwera. Koma ogula amachuluka komwe kuli msewu. Kutsidya kwa Shire, ku Muona ndi ku Makhanga, wogula amatha kufika mmodzi ndi sikelo yake, mtengo n'kutchula yekha, mlimi alibe kwina kopita. Za kwacha mukuzidziwa kuposa ine chifukwa mumazionera pa mtengo wa mankhwala opopera thonje. Kwachayo idasiyidwa kuti iziyendera msika mu 1994, idagwetsedwa kwambiri mu Meyi 2012, kenako ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutatsala masiku ochepa kuti IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku maiko, ivomereze ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Mgwirizano umenewo unali wa zaka zinayi, koma udafera m'njira mu Meyi 2025 usanafike ndi theka lomwe.

Komabe mlandu wonse tisausenzetse alendo. Kwacha imafooka chifukwa mafuta, feteleza ndi mankhwala zomwe timagula kunja zimadya ndalama zambiri kuposa zomwe timapeza pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga, komanso chifukwa boma limabwereka mopitirira. Mu 2006 gawo lalikulu la ngongole zathu zakunja lidakhululukidwa, koma zaka 20 zisanakwane tidapezeka tamiranso. Kuba kwa Cashgate mu 2013 sadatituma ndi IMF. Ndipo doko la ku Nsanje, limene Bingu wa Mutharika adatsegulira mu Okotobala 2010 pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, lidamangidwa tisanamvane ndi Mozambique za njira ya pa Zambezi. Inu a ku Bangula mukudziwa kuti sitima sizikochezapo.

Palinso china chomwe chimandipweteka ine kuposa zonsezi. Ngakhale mfundo zomwe tidapanga tokha zimalembedwa ndi anthu omwe akuganiza za Lilongwe ndi Kasungu. Makuponi a feteleza a 2005 adabwera opereka thandizo ambiri akukayikira, ndipo chimanga chidachulukadi m'dziko. Koma mlimi wa ku Chigwa, yemwe mapira ndi mchewere ndiye nkhokwe yake, vuto lake lalikulu ndi ng'amba chaka chino, madzi osefukira chaka chamawa. Thumba la feteleza silithetsa zimenezo. M'zipinda momwe amagwirizana zinthu zotere mukusowa anthu omwe adaonapo amayi awo akukazula nyika m'dambo chaka cha njala, koma akutha kuwerenga bajeti ya boma n'kuloza pomwe yalakwika. Mwana wanuyo angakhale mmodzi wa iwo. Yemwe adatsutsa mwamphamvu malamulo a ngongole aja analinso katswiri wa zachuma, Mmalawi mnzathu Thandika Mkandawire, amene adatsogolera bungwe la kafukufuku la United Nations lotchedwa UNRISD ku Geneva, n'kudzaphunzitsa ku London School of Economics mpaka adamwalira mu 2020.

Za ntchito ndisakunamizeni. Ophunzira zachuma amalembedwa ku Unduna wa Zachuma, ku Reserve Bank, ku MRA, ku National Statistical Office ku Zomba, ku National Planning Commission yomwe ikuyang'anira masomphenya a Malawi 2063, m'mabanki ndi m'maofesi a mapulani m'makhonsolo. Mipata ndi yochepa poyerekeza ndi omaliza maphunziro. Koma uphunzitsi ndi unamwino masiku ano nazonso si pothawira, chifukwa alipo ambiri omwe adamaliza n'kukhala pakhomo zaka akudikira kuti boma liwalembe. Mumufunse mnyamatayo ngati maphunzirowa akuwafuna ndi mtima wake. Ngati akuwafuna, muloleni apite, koma mumulangize zitatu. Asathawe makosi a ziwerengero ngakhale anzake akuwathawa, chifukwa olemba ntchito amayang'ana pamenepo. Pa tchuthi azipempha kukaphunzira ntchito ku khonsolo, ku kopaletivi kapena ku kampani yogula thonje, ngakhale popanda malipiro. Ndipo akadzafika polemba kafukufuku wa chaka chomaliza, adzabwere kwanu adzalembe za mtengo wa thonje, kuchokera pa sikelo ya ku Bangula kufikira pomwe lagulitsidwa kunja, n'kuonetsa yemwe akudya zingati panjira.

Tsopano iwe, mwana wanga wa ku Ngabu. M'galimoto yoyera ija mumakhala anthu osiyanasiyana: dalaivala, wowerengera ndalama, injiniya wa madzi, namwino, wosonkhanitsa ziwerengero. Bungwe lidawalemba chifukwa aliyense ali ndi luso lake lomwe pulojekiti ikulifuna, ndipo pulojekiti zambiri zimakhala za zaka zitatu kapena zisanu. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake lakunja, kenako n'kutseka USAID, ndipo anthu omwe ankaoneka okhazikika adangouzidwa kuti akhale pakhomo. Ndalama zothandizira zimasankhidwa ndi andale a dziko lina, omwe sudzawavotera. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wowerengera ndalama uja akhoza kupita ku banki, injiniya ku esiteti, namwino ku chipatala. Amene amavutika ndi uja luso lake linali kuchititsa misonkhano ndi kulemba malipoti basi. Choncho uyambe wasankha luso, bungwe lidzabwere pambuyo.

Poti uli ku Chigwa, yang'ana ngalande ikukumbidwa ija. Pulogalamu ya Shire Valley Transformation, yomwe idayamba mu 2018 ndi ndalama za boma, World Bank ndi African Development Bank, ikufuna kutenga madzi pa damu la Kapichira kuti athirire mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kufikira ku Bangula. Anthu ambiri amangoona makina ndi konkire, koma ntchito yovuta ili pa malo. Alimi akuyenera kulembetsa minda yawo motsatira lamulo la malo a makolo la 2016, kuiphatikiza kukhala munda umodzi waukulu, kupanga kopaletivi, kulemba ntchito akatswiri oyendetsa ulimiwo, n'kumagawana phindu molingana ndi malo omwe aliyense adaikamo. Chitsanzo chomwe amatchula kawirikawiri ndi kopaletivi ya Phata, yomwe imalima nzimbe n'kumagulitsa ku fakitale ya Illovo ku Nchalo. Kopaletivi iliyonse yotere ikufuna woyeza malo, wosamala mabuku a ndalama, mlangizi wa mbewu, woyang'anira kagawidwe ka madzi, makaniko, wokonza zamagetsi, ndi munthu wotha kuwerenga kontrakiti ya wogula mbewu asanasaine. Pakasowa ana a m'deralo odziwa zimenezi, agogo ako adzasaina zomwe sakuzimva, ndipo malipiro abwino adzakwera phiri kupita ku Blantyre mwezi ndi mwezi. Usaike moyo wako wonse pa ngalandeyi, chifukwa ntchito yake yachedwa kale. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 adagumula mbali ya damu la Kapichira, kuononga polowera madzi pomwe ankamanga, n'kuzimitsa makina a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Koma luso la madzi, la malo ndi la ndalama likagwira ntchito ku Nchalo, ku Dwangwa ndi m'mabungwe ogawa madzi ngakhale ngalandeyi itachedwa zaka zina.

Kophunzirira kulipo. Ku LUANAR, ku Bunda, kuli uinjiniya wa ulimi wamthirira, zachuma cha ulimi ndi bizinesi ya ulimi, ndipo ku nthambi yake ya NRC kuli madipuloma. Ku MUBAS ku Blantyre kuli uinjiniya wa zomangamanga, kuyeza malo ndi kuwerengera ndalama. Ku MUST ku Thyolo kuli maphunziro a zanyengo ndi a kuthana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, zomwe mwana wa kwanu safunika kufotokozeredwa kufunika kwake. Zachuma ndi ziwerengero zili ku UNIMA ku Zomba. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu imaphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi. Usapeputsenso ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, monga zamagetsi, zowotcherera ndi zamipope. Pampu ikafa pakati pa Okotobala, amene amasakidwa ndi wodziwa kuikonza.

Masamu aja ndiye pali nkhani. Yunivesite za boma zimafuna makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pafupifupi maphunziro onse ndatchulawa amafunanso kirediti ya masamu, ena n'kuonjezera sayansi. Ndikudziwa kuti madzi akasefukira makalasi a kwanu amasanduka misasa, masabata n'kumapita osaphunzira. Wokonza mayeso sachotsapo funso chifukwa cha zimenezo. Peza mapepala akale a MANEB, mukhale atatu kapena anayi, muziwerengetsa tsiku lililonse m'mamawa kusanatenthe. Ukalakwa funso usathamangire lina, ufunse aphunzitsi pomwe wasokonezera. Masamu a MSCE amabwerezabwereza mitu yomweyo, ndipo ambiri omwe amati amawavuta amakhala kuti adaphonya maziko ku Fomu 2 n'kuchita manyazi kubwererako. Mayeso akapanda kuyenda, kubwereza chaka chimodzi kuli bwino kusiyana ndi kulipira koleji iliyonse yomwe yakulandira.

Pamenepa ndichenjeze makolo onse. Makoleji ambiri amalengeza digiri kapena dipuloma ya Development Studies chifukwa achinyamata amaikonda ndipo siifuna labotale. Maphunzirowa si oipa, amatsegula mutu, koma omaliza ndi ambiri zedi. Musanalipire fizi, onani ngati kolejiyo ndi pulogalamu yakeyo zili pa mndandanda wovomerezeka wa NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba. Wosankha njira imeneyi aonjezerepo chogwirika: Excel mozama, kusonkhanitsa mayankho pa foni ndi KoboToolbox, kujambula mapu ndi GIS, kapena mayeso a ICAM a zowerengera ndalama. Ambiri amalowera pa ntchito yofunsa mafunso m'midzi pa kafukufuku, ndipo apa mwana wa ku Chigwa ali ndi mwayi womwe wa ku Lilongwe alibe, chifukwa amalankhula Chisena ndi Chimang'anja, amadziwa kufika kwa amfumu, ndipo dzuwa la ku Ngabu silimugoneka. Zilankhulo zimenezi uzizilemba pa CV. Wina akakuuza kuti utumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lako lilowe pa ntchito ya bungwe, ameneyo ndi wakuba.

Za World Bank, njira yake ndi yaitali koma si yobisika. Akatswiri ake amakhala ndi digiri yachiwiri kapena yachitatu, ndiponso zaka zogwira ntchito. Uyambe wakhoza bwino digiri yoyamba, ugwire ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, kenako ufunsire maphunziro olipiriridwa monga a Commonwealth kapena a Chevening a ku Britain. A Chevening amafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka zosachepera ziwiri. Palinso bungwe la African Economic Research Consortium la ku Nairobi lomwe limathandiza ophunzira zachuma a digiri yachiwiri m'mayunivesite a mu Africa.

Bambo a ku Bangula, za fizi musagulitse ng'ombe zonse chaka choyamba. Mnyamatayo afunsire ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board mafomu akangotuluka, akhale ndi chiphaso cha unzika ndi kalata yosonyeza kuti wasankhidwa, ndipo apitenso ku ofesi ya zosamalira anthu pa boma ku Nsanje kukafunsa za thandizo la ophunzira osowa. Ngongoleyo imabwezedwa akamaliza maphunziro, ndiye asunge mapepala onse omwe adzasaine.