Ka SUV kotchipa chonchi, bwanji anthu akukalambalala?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wokhala ku Turffontein, dera la mumzinda wa Johannesburg (Joni) kuno ku South Africa. Ndaidula pang'ono, koma mutu wake ndi uwu:

"Achimwene, ndakhala ndikusunga tindalama kuti ndigule ka SUV kakang'ono katsopano. Pali kena kamene kandisangalatsa, mtengo wake ndi wotsika ndi R15,000 poyerekeza ndi tinzake, ndipo ogulitsa akuti andichotserakonso. Chikundidabwitsa n'chakuti mumsewu sindikaona. Pa M1 ndimangoona ma Fronx, ma Magnite, ma Tiggo, koma iko ayi. Kali ndi vuto, kapena anthu sanakadziwe chabe?"

Mwachita bwino kufunsa achimwene, paja safunsa anadya phula. Dzina la galimotoyo ndalibisa dala, chifukwa matenda amene ikudwala si a iyo yokha ayi. Ndipo mwina injini yake ilibe vuto n'komwe. Chimene chikuipha ndi msika umene yalowamo.

Taonani khamu limene ikulimbana nalo. Pali Suzuki Fronx ndi Toyota Starlet Cross, zomwe kwenikweni ndi galimoto imodzi yopangidwa ndi Maruti Suzuki ku India, kungosiyana chizindikiro ndi nkhope. Pali Nissan Magnite ndi Renault Kiger, zonse zochokera mufakitale imodzi ku Chennai. Onjezanipo Hyundai Venue ndi Exter, Kia Sonet, Mahindra XUV 3XO, kenako za ku China monga Chery Tiggo 4 Pro ndi Haval Jolion. Zili ngati amayi ogulitsa tomato pamsika wa Limbe, milu yofanana, mitengo yoyandikana. Pamenepo wofika kumene akangofuula kuti "wanga ngotchipa", anthu amayamba kumutembenuza tomatoyo kuti aone pamene wawola.

Tsono R15,000 ijayo. Kuno ku Joni ndi ochepa amene amagula galimoto yatsopano ndi ndalama ya m'manja. Ambiri amadzera kubanki, ngongole ya miyezi 72. Gawani R15,000 ndi 72, mupeza R208 pamwezi, chiwongoladzanja tisanawerengere. Ndalama imeneyo sikwana ngakhale theka la thanki ya petulo. Ndiye wogula akakhala pampando amadzifunsa kuti, ndisiye Toyota kapena Suzuki chifukwa cha R208? Kutchipa kumene kumaoneka kwakukulu pagalasi lakutsogolo kumasungunuka kukangolowa m'mapepala a banki.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi tsiku logulitsa. Munthu wa kuno amagula galimoto akuganiza kale za mawa limene adzaisinthe. Ambiri amasaina ngongole yokhala ndi balloon, kutanthauza kuti chigawo chachikulu cha ngongole amachikankhira kumapeto kuti zolipira pamwezi zichepe. Zaka zija zikatha, chigawocho chimafunika chonse nthawi imodzi, ndipo chiyembekezo chimakhala chakuti galimoto ikagulitsidwa ndiyo ibweze. Nanga ngati galimotoyo yagwa mtengo kuposa ngongole yotsala? Mumatsala wapansi, ngongole ili pamutu. Pitani ku Jules Street ku Malvern, kumene kwadzadza ogulitsa magalimoto ogwirapo kale ntchito, mukafunse kuti galimoto yosadziwika angaigule zingati. Amaiyang'ana monyinyirika chifukwa akudziwa kuti ikhalitsa pabwalo. Ndiye zimangozungulira: anthu saigula yatsopano poopa kuti sadzaigulitsa, ndipo sigulika yakale chifukwa anthu saidziwa. Kuchotsera mtengo kumene akulonjezani kukuwonjezera moto, chifukwa yatsopano ikatsika, ya mnzanu amene anagula chaka chatha yatsikanso.

Anthu a kuno sanaiwalenso zimene anaona. General Motors inachoka m'dziko muno mu 2017, Chevrolet n'kupita nayo. Datsun, imene inabwera ndi timagalimoto totchipa zedi, inatha mu 2022. Kuyambira pamenepo, munthu akaona dzina limene lili ndi malo ogulitsira ochepa amadzifunsa ngati lidzakhalepo ngongole yake ikamadzatha.

Mwina munena kuti, nanga Chery yatheka bwanji, si yachilendo nayonso? Zoona. Koma itabwereranso kuno mu 2021 sinadalire kutchipa kokha. Inadzadza Tiggo 4 Pro ndi zinthu zimene ena amalipiritsa padera, inatsegula malo ogulitsira ambiri, n'kuika walanti ya injini ya zaka 10 kapena makilomita 1 miliyoni kwa mwini woyamba. Kaya ndani adzafikadi pa miliyoni, imeneyo ndi nkhani ina, koma uthenga unamveka: sitikuthawa. Ka SUV kanu kakunena chiyani kuposa "ndine wotchipa"?

Chinanso chimene ogulitsa satchula kawirikawiri: Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu zooneka ndithu. Kainjini ka 1.0 kapena 1.2 kamene kamathamanga bwino ku Durban, kuno kamalira pachitunda mukanyamula anthu asanu. Mukamakayesa musapite nokha, tengani anzanu atatu onenepa bwino, muyatsenso zoziziritsa m'kati.

Ifeyo tili ndi funso lathu lapadera limene mzungu wa ku Sandton alibe: Disembala. Ngati muli ngati ine, galimoto imeneyi tsiku lina idzawoloka Beitbridge, kudutsa Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka pa Mwanza, ulendo wa makilomita oposa 1,600, itasenza katundu wa mudzi wonse. Kachipangizo kakafa pa Tete, ndani ali nako? Toyota makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa, ndipo masipeya ake mukhoza kuwasaka ku Limbe kapena ku Lilongwe. Galimoto imene ngakhale ku Joni kuno masipeya ake amachita kuitanitsa, kumudzi idzakhala pamiyala mpaka nkhuku ziikiremo mazira. Musaiwalenso kuti galimoto ya ngongole situluka m'dziko popanda kalata ya banki, ndipo a inshulansi muwafunse ngati amafika mpaka ku Malawi.

Kodi ndikuti musakagule? Ayi. Ngati mukulipira ndalama ya m'manja, mudzakhala nako zaka 8 kapena 10, ndipo maulendo anu ndi a Turffontein ndi kuntchito basi, kutchipako ndi phindu lanu, ndipo poti ogulitsa ali ndi njala mukhoza kunenerera mpaka atsitse ndithu. Koma ngati ndi ngongole ya balloon, ine sindingasaine. Musanapite, imbani foni kumbali yawo ya masipeya, osati kwa wogulitsa, mufunse mtengo wa nyale yakutsogolo ndi bampala, komanso masiku amene zimatenga kuti zifike. Mufunsenso chimodzimodzi za Fronx. Mukapeza mayankho awiriwo mundilemberenso, ndikufuna ndiwaone nanenso.