Mwandifunsa za matayala akaunjika, achimwene, ndiye mundilole ndiyambire kutali

Imelo yanu ndinaiwerenga usiku ndipo tulo sitinabwere msanga. Mwati mwagula Hilux yakale ya 4x4, ndiye pali munthu akugulitsa zinthu zake pamodzi, malimu asanu okhala ndi matayala a m'matope, tenti ya padenga, kafiriji ndi zingwe zokokera galimoto ikatitimira, ndipo akuti mutenge zonse kapena musiye zonse. Mukufunsa ngati mugule. Funso lanuli landikhudza pachilonda chifukwa phukusi lotere ine ndinaligulapo.

Nthawi imeneyo ndinali nditangopeza Prado yakale, galimoto yomwe ndinaifuna kwa zaka zambiri, ndipo mtima wonse unali kutchire, kukagona panja ndi banja langa kumene netiweki sifika. Amene anandigulitsa matayala anali bambo achikulire aulemu wawo, ndipo mpaka lero sindikhulupirira kuti ankafuna kundipusitsa. Galimoto yawo anali ataigulitsa kalekale, matayala anangotsalira m'galaja ataunjikidwa pakona. Mano a matayalawo anali akuya moti chala chimalowa, akuda bii, 265/70R16 ndendende saizi yanga. Ndinawagwira, ndinawagubuduza, ndinamenyako ndi phazi ngati mmene timachitira tonse, ndikulipira osanenerera n'komwe poopa kuti wina andipitirira.

Miyezi iwiri yoyamba zonse zinali bwino. Kenako unafika ulendo wautali, galimoto yodzadza, madzi, tenti padenga, mayi akunyumba kutsogolo, mwana wathu wamkazi wa zaka 6 atagona kumpando wakumbuyo. Dzuwa linali likuswa mtengo ndipo tinali pa tala, mwina makilomita 90 pa ola. Ndinayamba kumva kunjenjemera pang'ono kumbuyo, ndikuti mwina ndi msewu, ndiye posakhalitsa kunamveka chiphokoso ngati wina akumenya galimoto ndi chitsulo, phwa phwa phwa, kumbuyo kukuvina uku ndi uku. Chomwe chinatipulumutsa n'chakuti sindinaponde buleki mwamphamvu, ndinangochotsa phazi pamoto ndikugwiritsitsa chiwongolero mpaka inaima yokha m'mbali. Nditatsika ndinapeza chikopa chonse cha pamwamba pa tayala lakumbuyo chasendeka ngati khungwa la mtengo, mawaya ali pamtunda, madigadi atang'ambika. Mwana anadzuka akulira osadziwa chachitika n'chiyani. Mayi ake sanayankhule kanthu, anangomunyamula n'kukaima naye patali, ndipo chete ameneyo ndimamumvabe.

Dalaivala wina wa thiraki anaima kudzatithandiza. Tikumanga sipeya anagwada, n'kupukuta m'mbali mwa tayala lophulikalo ndi chala, n'kundionetsa timanambala tina. Anati bwana, tayala ili ndi lalikulu kuposa mwana wanuyo. Linali ndi zaka 11. Onse asanu anali a chaka chimodzi, kuphatikiza sipeya yomwe tinali kumangayo, ndiye ulendo wotsalawo tinauyenda ngati tikuperekeza mkwati.

Timanambalato aliyense atha kuwerenga, palibe sukulu yake. M'mbali mwa tayala muli malembo akuti DOT, kenako zilembo zingapo, ndipo kumapeto kwake manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Nthawi zambiri nambala yonseyo imadindidwa mbali imodzi yokha, ndiye ngati simukuiona tembenuzani tayalalo. Mukapeza manambala atatu okha, limenelo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, musaligwire n'komwe. Kampani ya Michelin imanena kuti tayala likapitirira zaka 5 lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino, sipeya yomwe. Makampani ena opanga magalimoto amati zaka 6 basi. Chifukwa chake n'chakuti labala amakalamba ngakhale tayala lisakuyenda, mpweya ndi kutentha zimamuumitsa, ndiye kugwirana kwa labala ndi malamba a waya a m'kati kumafooka, mukadzalisenzetsa katundu pa liwiro dzuwa likutentha zimalekana. Mano akuya amangokuuzani kuti tayalalo silinayende kwambiri. Za msinkhu wake sakuuzani kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo apa ndipomwe ndimapsa mtima. Bambo aja sankadziwa, ndinawakhululukira. Koma alipo anthu amene akudziwa bwinobwino, amatenga tayala lotha n'kulisema mizere yatsopano ndi mpeni wamoto, kulipaka polishi, n'kuligulitsa kwa munthu yemwe mawa anyamula ana ake. Pali matayala a mathiraki amene anapangidwa kuti atha kusemedwanso ndipo amalembedwa m'mbali, koma la Hilux yanu silili m'gulu limenelo. Munthu wochita zimenezi akugulitsa ngozi ndipo ine sindimupatsa dzina lina. Mukaona m'kati mwa mizere muli mosalala modabwitsa, timapiri tating'ono toonetsa kutha kwa tayala tija mulibe, chokanipo. Timapiri timeneti timakhala pa 1.6 mm, pomwe malamulo a mayiko ambiri amati tayala latha, ngakhale kunena zoona tayala la kutchire limasiya kugwira m'matope kalekale lisanafike pamenepo.

Poyamba ndinkati matayala akaunjika alibe vuto bola uwaone bwino. Pano ndikulemba izi ndikuona kuti maganizo anga auma kuposa pamenepo. Tayala lomwe lili pa limu kale simungalione m'kati, ndipo mbiri yake yonse ili m'katimo. Tayala loti linayendetsedwa litaphwa limakhala ndi mzere wotikitika kuzungulira m'kati ndi timaufa takuda ta labala, kunja osaoneka chilichonse. Chigamba cha m'mbali nachonso mumachionera m'kati, ndipo m'mbali mwa tayala simumatidwa, aliyense amene akuuzani kuti anamata bwino akukunamizani kapena akudzinamiza. Ndiye anthu oyenda kutchire timachotsa mpweya dala kuti tidutse mumchenga, n'zoyenera, koma ambiri akabwerera pa tala amachita ulesi kupopanso, amathamanga choncho tayala n'kumapsa m'kati. Wogulitsayo sangakumbukire kuti anachita zimenezi kangati. Ngati akukana kuti matayala achotsedwe pa malimu muwaone, kwa ine nkhani ya matayala yathera pomwepo.

Komanso ndikufunseni, achimwene, matayala a m'matopewo mukuwafuniranji? Ndikufunsa ndi mtima wabwino chifukwa inenso anandikopa ndi maonekedwe. Galimoto imaoneka yaukali, anthu amacheuka. Koma muwerengere masiku amene mudzakhale m'matope enieni pa chaka, muwayerekeze ndi masiku a pa tala ndi msewu wa fumbi. Pa tala amalira ngati njuchi, mvula ikagwa buleki imatenga mtunda wautali, mafuta amamwa ambiri. Ine ndinasamukira ku matayala a all-terrain, oyenda pa tala ndi kutchire komwe, ndipo malo onse amene ndinkafuna kufika ndafikako. Pomwe ndinatitimira, vuto linali mpweya wambiri m'matayala ndi phuma langa, osati mtundu wa tayala. Muonenso nambala ya katundu yomwe imabwera pambuyo pa saizi, 112 ikutanthauza makilogalamu 1120 pa tayala limodzi, 121 ndi 1450, ndipo isatsike kuposa yomwe inalembedwa pa kapepala ka pachitseko kapena m'buku la galimoto. Olembedwa LT kutsogolo kwa saizi ndi olimbirapo, ndiwo amayenera galimoto yonyamula. Ndipo onse akhale saizi imodzi ndi kutha kofanana, chifukwa mukalowetsa 4x4 matayala akusiyana kukula, magiya ndi madifu ndi amene amalipira.

Za malimu

Apa ndiye mtima wanga ndi wofewa, malimu akaunjika ndimagula ndipo ndidzagulabe, chitsulo sichikalamba ngati labala. Koma musangowerenga mabowo. Hilux ya 4x4 ili ndi mabowo 6 a manati ozungulira bwalo la 139.7 mm, chimodzimodzi Prado, Pajero, Patrol, Ranger ndi D-Max, ndiye anthu amangoti zonse zimalowana. Ayi. Bowo lapakati limasiyana, la Hilux ndi 106.1 mm pomwe la Ranger ndi 93.1 mm, limu la Ranger silingakhale pa Hilux pokhapokha wina alikulitse, zomwe ine sindingavomere. Navara D40 nayo ili ndi mabowo 6 koma pa 114.3, Land Cruiser 100 ndi 200 zili ndi 5 pa 150. Kuseli kwa limu mupezanso malembo ET ndi nambala, imeneyo ndi offset, imanena kuti tayala likhala m'kati kapena lituluka kunja motani. Likatuluka kwambiri limaoneka bwino koma limakhula pabodi mukakhota ndipo ma bearing amatha msanga. Ndiye manati, anthu amawaiwala. Malimu a aloyi ochokera ku Toyota amafuna manati awo afulati okhala ndi washa, pomwe ambiri ogula padera amafuna osongoka, mukasokoneza amamasuka muli paulendo. Ine kutchire ndimakonda limu lachitsulo chifukwa likagunda mwala limapindika ndipo hamala imalibweza mpaka mufike kwa anthu, la aloyi limang'aluka. La aloyi lowotcherera musatenge. Mulitsuke, muyang'ane ming'alu kuzungulira mabowo ndi kuseli, mabowo asakhale otambasuka ngati dzira, kenako likazunguzidwe pa makina a balansi muone ngati silikuyenda mokhota. Ndipo limodzi mulimange pa galimoto yanu musanapereke ndalama, muone ngati silikukhudza mabuleki.

Tenti ndi zinazo

Tenti yomwe ndinagula tsiku lomwe lija ilipobe, ndipo mwana uja wakuliramo. Ndimakumbukira m'mawa wina anatsegula zipi n'kungokhala chete kuyang'ana nkhungu ikukwera m'chigwa, kenako anati adadi tisapite. Ndiye sindingakuuzeni kuti zakaunjika zonse n'zoipa, ayi, zambiri za kumsasa anthu amagula ndi chidwi, kugonamo kawiri, n'kuzisunga. Muitambasule yonse dzuwa lili pamutu, mulowemo, mutseke, muyang'ane pomwe kuwala kukulowera. Muinunkhize. Ngati inapindidwa yonyowa chuku chimakhala chitadya nsalu ndipo fungo lake silichoka, ndipo ngati m'kati mukumata m'manja kapena kukusendeka ndiye kuti mankhwala otchinga madzi aja atha. Mazipi onse muwayendetse, makwerero ndi mahinjesi muwagwedeze, thirani ndowa ya madzi pamwamba wina ali m'kati.

Chomwe chimandidetsa nkhawa pa tenti ya padenga ndi kulemera. Zambiri zimapitirira makilogalamu 50, kuwonjezapo chitsulo chomangirapo, ndipo denga lililonse lili ndi malire a katundu amene linganyamule galimoto ikuyenda, muwaone m'buku. Katundu akakwera pamwamba galimoto imapendama msanga pamalo otsetsereka m'mbali. Pa Hilux kuli bwino kuimanga pamwamba pa bodi yakumbuyo motsikirako. Ndipo zonsezi zimabwerera ku matayala omwe aja, chigubu cha madzi cha malita 20 ndi makilogalamu 20, zigubu zitatu, firiji, batire lachiwiri, anthu anayi, simuchedwa kufika pa malire a galimoto musanazindikire. Tsiku lija ine ndinasenzetsa katundu yense ameneyu pa labala wa zaka 11.

Firiji muilumikize ku batire, muisiye ola lathunthu, muone ngati ikuzizira ndi kuzima yokha n'kuyakanso, labala wa pachivindikiro akhale wogwira. Ngati pali chitofu cha gasi, paipi yake mugule yatsopano, silinda yadzimbiri kapena yophwanyika muisiye, ndipo chonde musadzayatse chitofu kapena mbaula m'tenti yotseka, utsi wake wosaoneka uja umapha anthu ali m'tulo. Zingwe zokokerazo ndiye ayi, ngakhale akupatseni ulere. Chingwe chotamuka chija chimafooka nthawi iliyonse chikakoka, dzuwa ndi mchenga zimachidya, ndipo simungadziwe chakoka kangati. Chikaduka chimabwerera ndi mphamvu yoswa galasi ndi mutu wa munthu. Mashako, tizitsulo tolumikizira chingwe ku galimoto, akhale odindidwa kulemera komwe angapirire, ndipo musadzakolowetse chingwe pa kampira kokokera ngolo kaja, kamathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo, anthu afa nako.

Ndiye yankho lanu, achimwene. Pitani ndi tochi, muwerenge DOT pa matayala onse asanu. Ngati apitirira zaka 5 kapena akukana kuwachotsa pa malimu, muwerengere mtengo ngati matayalawo palibe, mutenge malimu ngati akwana pa galimoto yanu, tenti ndi firiji ngati zapambana mayeso, zingwe muzisiye. Akaumirira kuti zonse kapena palibe, ndipo ndalama yotsala siikwana matayala atsopano, musiyeni, yambani mwagula matayala, tenti ya pansi ikukwanirani chaka chino. Mukapita kukaona mundijambulire manambala aja munditumizire, tiwerengere limodzi.