Batire lachiwiri silingathetse vuto la sola yanu ya kumunda

Bambo wina wokhala ku Area 25 wanditumizira kalata pa imelo. Ali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumunda kwake cha ku Mitundu, komwe mawaya a ESCOM sanafike. Anaikako panelo imodzi ya 100W, batire la asidi la 100Ah, kontrolala (kachipangizo koyendetsa moto wochoka ku panelo kupita m'batire) ya mtundu wa PWM ya 10A ndi inveta (yosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa ESCOM) ya 300W. Amayatsa mababu anayi ndi TV, ndiponso amatchaja mafoni. Poyamba zonse zinkayenda bwino, koma tsopano ikamakwana 8 koloko usiku inveta imayamba kulira kenako n'kuzima. Akufunanso kugula firiji yaing'ono. Funso lake ndi lakuti: kodi agule batire lina la 100Ah n'kulilumikiza ku lakalelo?

Ayi bambo, ndalama imeneyo musaponye pa batire kaye. Batire lili ngati nkhokwe, ndipo panelo ndiye munda. Mukamanga nkhokwe yachiwiri munda uli womwewo, chimanga sichichuluka.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mungosintha manambala pomwe ndaphonya. Mababu anayi a 5W akayaka maola 5 adya 100Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). TV ya 40W kwa maola 4 ndi 160Wh. Mafoni tiwapatse 30Wh. Inveta nayo imadya yokha ikangokhala yoyatsa, ngakhale pasalumikizidwe kanthu, ndiye tiiikire 50Wh. Zonse pamodzi ndi 340Wh pa tsiku. Kuno ku Lilongwe, tsiku lowala bwino limatipatsa maola pafupifupi 5 a dzuwa lamphamvu, koma panelo ya 100W sipereka 500Wh yonse. Kutentha, fumbi, mawaya ndi kontrolala zimadyako, moti chofika m'batire chimakhala cha m'ma 350Wh. Mukuona kuti zolowa ndi zotuluka zikungofanana, ndipo apo ndi tsiku labwino. Mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikagwirana masiku atatu, batire limatsika ndipo palibe mphamvu yotsala yolikwezanso.

Apa ndi pamene batire la asidi limafera. Likakhala masabata osadzaza, timiyala ta sulphate timauma pa mapuleti ake, ndipo malo osungira moto amachepa osabwereranso. Palembedwa 100Ah, koma mwina lanulo likusunga theka kapena kucheperapo. Ndiponso dziwani kuti ngakhale lili latsopano, pa 1,200Wh zomwe limasunga (12V kuchulukitsa ndi 100Ah) muyenera kugwiritsa ntchito 600Wh zokha ngati mukufuna likhalitse. Mukalumikiza latsopano ku lotopali, lakalelo limakoka linzake, onse awiri osadzaza, ndipo pakapita miyezi muli ndi mabatire awiri akufa. Zimandiwawa kuona anthu akugula batire chaka ndi chaka, n'kumati mabatire a masiku ano ndi achabechabe, chonsecho chowapha chili padenga.

Musanagule chilichonse, bwerekani mita yoyezera mavolti. Chotsani zonse pa batire dzuwa likalowa, lipume maola angapo, kenako yezani. Likaonetsa 12.6V kapena 12.7V ndiye kuti ladzaza. Pa 12.2V lili cha pakati. Ngati lakhala pa dzuwa tsiku lonse koma likuonetsa 12.0V kapena kutsikirapo, mwina silikulandira moto wokwanira kapena latha. Kwerani padenga muonenso panelo. Ife tili kummwera kwa equator, pafupifupi madigiri 14, choncho panelo iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendekeka madigiri a m'ma 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Ambiri amangoigoneka kumene malata apendekera. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango ukagwera pa kachigawo kochepa, mphamvu ya panelo yonse imatsika kwambiri. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala limafuna madzi ndi kansalu kofewa m'mawa panelo isanatenthe.

Tsopano za firiji, chifukwa imeneyi ndi imene ikusintha nkhani yonse. Firiji yaing'ono imayaka n'kumazima usana ndi usiku, ndipo nyengo yotentha ikhoza kudya 600Wh mpaka 800Wh pa tsiku, kuposa zonse zomwe muli nazo panopa kuziphatikiza. Inveta nayo iyenera kukhala yoyatsa maola 24. Mukaphatikiza mufika pa 1,100Wh kapena kupitirira. Powerengera mapanelo musatenge dzuwa la Okutobala, tengani la nthawi ya dzinja, maola 4, ndipo muchotsepo gawo limodzi mwa magawo anayi lotayika m'njira. Mupeza kuti mukufunika mapanelo osachepera 400W. Ine ndikanakhala inu ndikanakwera mpaka 500W, chifukwa pa zipangizo zonsezi panelo ndi imene imakhalitsa, zaka 20 kapena kuposa.

Panelo yaikuluyo isalumikizidwe ku kontrolala yanu ya PWM. Choyamba, 10A ndi yochepa, ipsa. Chachiwiri, mapanelo akuluakulu amatulutsa mphamvu yawo pa mavolti 30 mpaka 40, ndipo PWM imangowakokera pansi kuti afanane ndi batire la 12V, mphamvu yoposa theka n'kutayika. Kontrolala ya MPPT imasandutsa mavolti owonjezerawo kukhala ma amp olowa m'batire. Pa 500W ndi batire la 12V mufunika ya 40A. Werengani kuseri kwa panelo pomwe palembedwa Voc, omwe ndi mavolti a panelo isanalumikizidwe ku kanthu, mutsimikize kuti sikupyola malire a kontrolala. Ndipo samalani, m'mashopu muli timakontrolala topepuka tolembedwa MPPT pamwamba pomwe mkati ndi PWM. Yeniyeni imalemera chifukwa ili ndi koyilo, ndipo imalemba mavolti ochuluka omwe ingalandire, monga 75V kapena 100V. Polumikiza, yambani batire, panelo pambuyo.

Panelo yakale ya 100W musaiphatikize pa waya umodzi ndi yatsopano, mavolti ake ndi osiyana. Isiyeni ndi kontrolala yake, izitchaja batire lakale la mababu ndi mafoni mpaka litatheratu.

Batire latsopano ligulidwe pomwe mapanelo afika. La lithium la mtundu wa LiFePO4 la 100Ah limasunga 1,280Wh, ndipo mukhoza kutapamo 1,000Wh osaliwononga. Kuti mupeze zofanana pa asidi mufunika 200Ah. La lithium ndi lodula pogula, koma silivutika likakhala losadzaza, ndipo limapirira kutchajidwa kambirimbiri kuposa la asidi. Kwa nyumba ya kumunda, komwe mwini sakhalako tsiku lililonse, ine ndimasankha limenelo. Onetsetsani kuti kontrolala ili ndi posankha lithium. Batire la galimoto ayi, linapangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa, osati kuyatsa nyumba usiku wonse.

Inveta ya 300W siingadzutse firiji, chifukwa kompuresa ikamayamba imakoka mphamvu kangapo kuposa yomwe yalembedwa. Pezani ya 1,000W ya pure sine wave, yotulutsa moto wosalala ngati wa ESCOM. Zotchipa za modified sine wave zimatenthetsa mota. Koma apa pali ngozi yomwe ambiri saiganizira: 1,000W pa 12V ndi ma amp opitirira 80. Kawaya ka mababu kangasungunuke n'kuyatsa nyumba. Pakati pa batire ndi inveta pakhale waya wonenepa wa 25mm², waufupi, wa kopa weniweni, ndi fyuzi pafupi ndi mutu wa batire wa +. Ngati mukulingalira zodzaika pampu ya madzi mtsogolo, yambiranitu pa 24V, ma amp amatsika ndi theka. Ayironi, ketulo ndi hotipuleti zisayandikire sola ya msinkhu uwu.

Mitengo sindilemba, imasintha msanga, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukapita ku Malangalanga kapena ku Area 2, nyamulani mita ija, panelo muiyeze padzuwa musanalipire, ndipo mufunse risiti ndi chitsimikizo cholembedwa. Wolumikiza akhale wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, ndipo mumuuze aike waya wopita pansi pa nthaka chifukwa cha ziphaliwali za dzinja.

Ngati ndalama sizikwana zonse pakamodzi, yambani ndi panelo, kontrolala ya MPPT ndi mawaya. Kenako batire, kenako inveta, firiji ibwere pomaliza. Mukayeza batire lija usiku, munditumizire nambala yomwe mita yaonetsa komanso zomwe zalembedwa kuseri kwa firiji yomwe mukuifunayo, tidzawerengerenso bwinobwino.